PHUNZIRO LA USIKU WA 21: NYUMBA YANU IDZAKHALA YA YANI?



Abale ndi alongo m'Chisilamu, taloŵa m'masiku khumi otsiriza a mwezi wa Ramadani. M'maphunziro apitaŵa tidakambirana za niya, za daku ndi futari, ndiponso za zinthu zimene zimaononga swaumu. Lero tikambirane nkhani imene ambiri safuna kuimva ali pamphasa ya futari, nkhani ya nyumba imene mukhalamoyo ndi tsiku limene mudzatulutsidwemo pa jeneza.

Musaganize kuti tasokera. Mukatsegula Surat Al-Baqara mupeza kuti ndime zonena za kusala ndi 183 mpaka 187. Ndime yotsatira pomwepo, ya 188, ikuletsa kudyerana chuma mwachinyengo ndi kuthamangira nacho kwa oŵeruza kuti munthu adye gawo la mnzake akudziŵa. Pakamwa pamene pakana madzi tsiku lonse, kunja kukutentha monga kumatenthera ku Mangochi ndi ku Salima, ndi pomwepo pamene pakuletsedwa kumeza chuma cha eni ake.

Funso limene limamveka kaŵirikaŵiri ndi ili: “Ndidamanga nyumba ya njerwa zootcha ndi malata. Ndifuna kuti ndikadzamwalira idzakhale ya mwana wanga wakutiwakuti, kapena ya mkazi wanga, popanda iwo kukavutika ku khoti ndi kwa a DC. Ndichite chiyani?” Funsoli nlabwino. Amene adatsatirapo chuma cha masiye akudziŵa za maulendo a ku boma, mapepala ndi ndalama zoyendera. Njira yopeŵera zimenezo ilipo. Koma kupeŵa khoti nkwina, kumana anthu magawo amene Allah adaŵapatsa nkwinanso. Choyambacho nchololedwa, chachiŵiricho ndi moto.

MPWEYA UKACHOKA

Dziŵani kuti mpweya wanu ukangochoka, nyumba ija si yanunso. Chonse chimene mwasiya, kaya ndi nyumba, bwato, makoka, njinga kapena mbuzi, chimayenda m'njira imene idaikidwa kale. Poyamba pamachotsedwa zofunika pa maliro, monga sanda ndi manda. Kenaka ngongole, ndipo m'ngongolemo muli mahari a mkazi ngati simudamalize kupereka, ndi zakaat imene idatsalira. Kenaka wasiya ngati ulipo. Zotsalazo ndiye mirathi. Mpunga ndi mbuzi za sadaka ya arobaini sizili m'gulu la zofunika pa maliro ayi. Sitiloŵa m'mkangano wa arobaini pano, koma amene afuna kuphika aphike za m'thumba mwake, osati za ana amasiye.

Magawo a mirathi ali mu Surat An-Nisa, ndime 11, 12 ndi 176. Mkazi wamasiye amalandira gawo limodzi mwa magawo 8 ngati mwamunayo wasiya ana, ndi limodzi mwa magawo 4 ngati sadasiye mwana. Akazi akakhala aŵiri kapena atatu amagaŵana gawo lomwelo. Bambo ndi mai a womwalirayo, ngati ali moyo ndipo pali ana, aliyense sachepera gawo limodzi mwa magawo 6. Mwana wamwamuna amalandira kaŵiri gawo la mwana wamkazi.

Tiyerekeze. Munthu wamwalira, makolo ake adatsogola kale, ngongole zabwezedwa. Wasiya mkazi mmodzi, ana aamuna aŵiri ndi ana aakazi atatu, ndi nyumba yokwana K8,000,000. Mkazi ali ndi K1,000,000 m'nyumbamo. Mwana wamwamuna aliyense ali ndi K2,000,000, mwana wamkazi aliyense K1,000,000. Onkhetsani, muona kuti zakwana. Nanga achimwene a womwalirayo? Nanga ana a mlongo wake? Alibemo ngakhale msomali umodzi, chifukwa pali mwana wamwamuna.

Apa mpamene mwambo wathu wakale, mwa Ayao ndi mwa Acheŵa omwe, umaombana ndi Chisilamu, pakuti mwambo umati chuma cha mwamuna chibwerere kwa abale ake. Si ife oyamba kuvutika ndi zimenezi. Sa'd ibn al-Rabi' adaphedwa pa nkhondo ya Uhud m'chaka cha 625, nasiya mkazi ndi ana aakazi aŵiri. Mbale wake adatenga chuma chonse. Mai uja adapita ndi anawo kukadandaula kwa Mtumiki (S.A.W.), ndipo ndime za mirathi zitatsika, Mtumiki adalamula mbaleyo kuti apereke magawo aŵiri mwa magawo 3 kwa atsikanawo, gawo limodzi mwa magawo 8 kwa mai wawo, iye atenge zotsala. Taonani, mbaleyo adalandira ndithu, popeza padalibe mwana wamwamuna, koma adalandira pomalizira, osati poyamba.

“NDIKAFA NYUMBAYI NDI YAKO”

Mau aŵa amanenedwa m'makomo ambiri, nthaŵi zina pakhonde madzulo, nthaŵi zina m'chipatala. Wonenayo mtima umakhala pansi, poganiza kuti nkhani yatha. Nkhani siidathe.

Mphatso iliyonse yodikira imfa ndi wasiya, ngakhale muitchule dzina lina. Tsono wasiya uli ndi malire aŵiri. Malire oyamba ngakuti usapitirire gawo limodzi mwa magawo 3 a chuma. Sa'd ibn Abi Waqqas adadwala kwambiri ku Makka pa Hajji yotsazika ya chaka cha 632, ali ndi mwana wamkazi mmodzi yekha. Adapempha kuti apereke magawo aŵiri mwa atatu, Mtumiki nakana. Adapempha theka, nakananso. Adamlola gawo limodzi mwa atatu, namuuza kuti ngakhale limenelo nlochuluka, popeza kusiya oloŵa ali ndi chuma kuposa kuŵasiya akupemphetsa kwa anthu.

Malire achiŵiri ngakuti wasiya sugwira ntchito kwa munthu amene ali kale ndi gawo m'mirathi, monga mwana kapena mkazi, pokhapokha oloŵa anzake atavomera inu mutamwalira. Akavomera muli moyo chifukwa chokuopani, ali ndi ufulu wodzakana pambuyo pake. Wasiya ngwa anthu amene alibe gawo: mwana wamasiye amene mudalera, mdzukulu amene bambo wake adamwalira inu muli moyo pamene ana anu ena aamuna alipo, madrasa, mzikiti. Mwana wa mlongo wanu uja, ngati mumkonda, khomo lake ndi limeneli.

Ku mbali ya boma, chuma cha masiye m'Malaŵi muno chimayendetsedwa ndi lamulo la chaka cha 2011, limene lidaloŵa m'malo mwa lamulo la 1967. Munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chimagaŵidwa kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi ena amene ankadalira womwalirayo, motsata lamulolo, osati motsata magawo a m'Surat An-Nisa. Pamafunika kalata yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chumacho. Chuma chochepa chimathera kwa a DC, chochuluka chimafika ku khoti. Lamulo lomweli lidaika kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo kundende.

Nchifukwa chake Msilamu ayenera kulemba wilo yonena kuti chuma chake chidzagaŵidwe mwa Chisilamu. Abdullah ibn Umar adasimba kuti Mtumiki sadafune kuti munthu wokhala ndi kanthu koti alangize agone masiku aŵiri osalemba. Komabe tinene zoona: wilo siitseka khomo la khoti. Nayonso imakatsimikizidwa kumeneko, ndipo khoti lili ndi mphamvu yothandiza mkazi kapena mwana amene wilo yamsiya padzuŵa. Chimene wilo imachita nkufupikitsa ulendo ndi kuchepetsa mikangano.

HIBA: KUPEREKA MULI NDI MOYO

Chimene sichipita ku khoti ndi chimene sichidali chanu pa tsiku la imfa yanu. Mukapereka nyumba muli moyo, muli bwino, ndipo wolandirayo nkuitenga, nyumbayo siloŵanso m'chuma cha masiye. Mphatso yotereyi ma Shehe amaitcha hiba, ndipo ilibe malire a gawo limodzi mwa atatu aja. Munthu angathe kupatsa mwana wake, mkazi wake, kapena wina aliyense. Koma ili ndi zoyenera zake, ndipo apa mpamene ambiri amagwa.

M'madhihabu a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kunyanja kuno timatsata, hiba imafuna mau opereka ndi mau olandira, koma siikhazikika mpaka wolandirayo atailandira m'manja mwa chilolezo cha woperekayo. Pa nyumba, kulandira m'manja ndiko kumsiyira nyumbayo, kumpatsa makiyi ndi ulamuliro wonse. Ngati muli alendi, lendi izipita kwa iye. Akafuna kukonza, kubwereketsa, ngakhale kugulitsa, asachite kukupemphani.

Mverani zimene zidachitika m'nyumba ya Abu Bakr (R.A.), monga adalembera Imam Malik m'buku la Muwatta. Abu Bakr adapatsa mwana wake Aisha zipatso za tende zokwana miyeso 20 ya wasq za m'munda wake wa ku al-Ghaba. Aisha sadapite kukathyola. Abu Bakr atadwala matenda amene adamwalira nawo m'chaka cha 634, adamuitana namuuza kuti akadathyola nkusunga zikadakhala zake, koma tsopano zasanduka chuma cha oloŵa, agaŵane ndi alongo ake aŵiri ndi abale ake aakazi aŵiri. Aisha adadabwa, popeza ankadziŵa Asma yekha. Winayo adali asanabadwe, adali m'mimba mwa mkazi wa Abu Bakr, ndipo ndiye Umm Kulthum. Taganizani: woperekayo ndi Khalifa, wolandirayo ndi mkazi wa Mtumiki, palibe amene ankakana kuti mphatsoyo idanenedwa, koma idagwa chifukwa siidatengedwe. Akuluakulu athu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndiponso mwaona kuti mwana wa m'mimba naye amasungiridwa gawo lake.

Tsono inu amene mudauza mwana kuti “nyumbayi ndakupatsa”, koma makiyi ali m'thumba mwanu, lendi mukutolera nokha, pepala la puloti lili m'dzina lanu, mwapereka chiyani? Simudapereke kanthu.

Chachiŵiri ndi thanzi. Mphatso yoperekedwa pa matenda amene munthu amamwalira nawo imaŵerengedwa ngati wasiya: siipitirira gawo limodzi mwa atatu, ndipo ikakhala ya woloŵa imadikira chilolezo cha anzake. Chizoloŵezi chija chobweretsa pepala kwa wodwala amene sangathe ngakhale kukweza mutu, nkumgwira chala kuti adinde, nchopanda pake pamaso pa Allah, ndipo ku khoti nakonso pepala lotero limatsutsika.

Chachitatu ndi chilungamo pakati pa ana. Bashir ibn Sa'd adapatsa mwana wake Nu'man mphatso. Mai wa mwanayo, Amra bint Rawaha, adati sakhutira mpaka Mtumiki akhale mboni. Atafika, Mtumiki adafunsa ngati ana ena onse apatsidwanso chimodzimodzi. Atamva kuti ayi, adakana kuikira umboni, nalamula kuti aope Allah ndi kuchita chilungamo pakati pa ana. Bashir adabwerera nakabweza mphatsoyo. A Shafi'i amati kukondera kopanda chifukwa ndi makruhu, Imam Ahmad ibn Hanbal adati nkoletsedwa ndithu. Ndipo pa mphatso za muli moyo, a Shafi'i amati mwana wamwamuna ndi wamkazi apatsidwe mofanana. Kaŵiri kuja nkwa mirathi.

Kodi ndiye kuti simungapatse nyumba mwana mmodzi? Mungathe, pakakhala chifukwa chooneka: mwana wolumala, wosaona, kapena wamkazi amene ukwati udatha ndipo ali ndi ana opanda pogona, pamene anzake adamanga zawo. Itanani ana onse, afotokozereni, ndipo ngati muli ndi bwato, injini kapena munda wogula, apatseni enawo kuti mitima ikhale pansi. Koma ngati cholinga chanu nchakuti ana a kwa mkazi wamkulu asaone kanthu chifukwa mtima uli kwa mkazi wamng'ono, pepala likhoza kukhala loyera ku ofesi, koma niya yanu mudzaipeza pa Tsiku la Kiyama.

Palinso choopsa kwa inu operekanu, ndipo sitikubisirani. Nyumba ikapita, yapita. Mwana angathe kuigulitsa. Angathe kuiika chikole pa ngongole nkulandidwa. Angathenso kumwalira inu muli moyo, pakuti imfa siyang'ana imvi. Zikatero nyumbayo ndi mirathi yake: mkazi wake ndi ana ake atenga magawo awo, ndipo ngati wasiya mwana wamwamuna, inu bambo wake mulandira gawo limodzi mwa magawo 6 m'nyumba imene mudaumba njerwa zake nokha. Nzoona kuti a Shafi'i amalola kholo kubweza mphatso imene lidapatsa mwana ngati ikadali m'manja mwa mwanayo, koma dzina likasinthidwa ku ofesi, kulibweza kumafuna kuti mwanayo asaine. Choncho munthu wa nyumba imodzi yokha, yomwe agonamoyo, aganize kaŵiri. Ena amapereka theka la nyumba, ena amapereka nyumba ya alendi nkusunga yogonamo. Zonsezi nzololedwa.

Hiba ikachitika, lembani. Ndime yaitali koposa m'Qur'an yonse, ya 282 mu Surat Al-Baqara, ndi yolamula kulemba ngongole ndi kuika mboni. Nanji nyumba! Ndipo musathere pa pepala la pakhomo. Ngati nyumba ili pa puloti ya lizi, pitani ku ofesi yoona za malo kapena ku khonsolo imene idapereka pulotiyo kuti dzina lisinthidwe. Pali ndalama zolipira, koma mukulipira muli moyo, mukutha kuyankha mafunso nokha. Dzina likatsala lanu, ana adzapitabe ku khoti kumene mumaŵapeŵetsa kuja.

MALO A MAKOLO, NDALAMA ZA KU JONI, MAINA AŴIRI

Munthu sapereka chimene si chake. Ambiri kumudzi kuno adamanga pa chikamwini, pa malo a mbumba ya akazi awo. Malata, zitseko ndi njerwa zikhoza kukhala za bambo, koma dothi si lake. Enanso adamanga pa malo a mbumba ya kwawo, ndipo kumeneko ndi kumene mkazi ndi ana amathamangitsidwa maliro asanazizire. Ngati nyumba yanu ili pa malo otere, khalani pansi ndi mwini mbumba ndi a mfumu muli moyo, mugwirizane za amene adzakhalemo, zilembedwe, a mfumu adinde. Lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 lidatsegulanso njira yoti malo otere alembetsedwe m'dzina la munthu kapena la banja kudzera m'komiti ya malo ya m'dera. Kumene kulembetsaku kwafika, musaphonye.

Anyamata athu ambiri ali ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, ndipo amatumiza ndalama zomangira. Puloti idagulidwa m'dzina la achimwene kapena la amalume chifukwa mwini wake adali kutali. Mwini ndalama uja akamwalira kumeneko, pepala limanena kuti nyumba nja amalume. Mau amene adatumiza pa WhatsApp si wilo. Inu amene dzina lanu lili pa pepala la nyumba ya mnzanu, imeneyo ndi amana. Lembani mwezi uno kuti nyumbayo si yanu, musaine pamaso pa mboni. Mwina inu ndinu wokhulupirika, koma mukamwalira ana anu adzakhulupirira pepala.

Amai nawonso amve. Ngati malata a nyumbayo mudagula ndi ndalama zanu za usipa kapena za mpunga, gawo limenelo nlanu, sililoŵa m'mirathi ya amuna anu. Koma lidziŵike lero, lilembedwe.

Ena amalembetsa nyumba m'maina aŵiri, la mwamuna ndi la mkazi. Pa malo olembetsedwa pali kalembedwe kamene m'Chingerezi amati joint proprietors, kamene wina akamwalira nyumba yonse imatsala kwa mnzake popanda kugaŵa. Ku boma njira imeneyi njachidule ndithu. Koma ku Chisilamu gawo la womwalirayo likadali mirathi, ndipo wotsalayo ayenera kupereka magawo a ana ndi a makolo ngakhale pepala silikumkakamiza. Funsani bwino kalembedwe kake musanasaine.

Njira ina ndi wakfu. Umar ibn al-Khattab adachita zimenezi ndi munda wake wa ku Khaybar: mundawo sudayenere kugulitsidwa, kupatsidwa kwa munthu kapena kuloŵa m'mirathi, koma zipatso zake zinkathandiza osauka ndi achibale. Nyumba ingathe kuikidwa wakfu kuti ana ndi zidzukulu azikhalamo koma asagulitse. Njirayi imafuna Shehe wodziŵa ndi loya pamodzi, kuti oyang'anira ake adziŵike ku boma.

NGATI MWINI NYUMBA ADAMWALIRA KALE

Mwina mukuŵerenga phunziroli muli m'nyumba ya malemu bambo anu, imene siidagaŵidwe mpaka lero. Nyumba sangaidule ndi chikwanje, koma magawo ake amaŵerengeka. Itanani oloŵa onse ndi Shehe, mufunse mtengo wa nyumbayo kwa anthu odziŵa, aliyense amve gawo lake. Akamva, wina angathe kugula magawo a anzake, ngakhale molipira pang'onopang'ono. Angathe kuika alendi nkumagaŵana lendi motsata magawo. Angathenso onse kugwirizana kuti mai awo akhalemo mpaka imfa. Munthu wamkulu ali ndi ufulu wosiyira mnzake gawo lake mwa kufuna kwake. Koma mlongo amene wangoti chete chifukwa cha manyazi pamaso pa achimwene ake sadakhululuke ayi. Mfunseni payekha. Ndipo gawo la mwana wamng'ono palibe amene angalikhululuke m'malo mwake, ngakhale mai wake. Limasungidwa mpaka atakula.

Mkazi wamasiye amakhala eda ya miyezi 4 ndi masiku 10 m'nyumba imene ankakhala ndi mwamuna wake. Womtulutsa m'masiku amenewo, kapena woyamba kuzula malata, walakwira Allah ndi lamulo la dziko lomwe.

Polemba wilo, tchulani dzina lanu lonse ndi tsiku. Lembani nyumba ndi pamene ili, ngongole zimene muli nazo ndi zimene anthu ali nazo kwa inu, katundu wa eni ake amene mukusunga, wasiya wanu, ndi munthu amene adzayendetse zonsezi. Musaine pamaso pa mboni ziŵiri zili pamodzi nthaŵi imodzi, nazonso zisaine inu mukuona. Mbonizo zikhale anthu aakulu amene sadzalandira kanthu m'chumacho. Pepala limodzi lokha lobisidwa pansi pa matiresi limasoŵa tsiku la maliro, choncho lina likhale kwa Shehe wanu kapena kwa loya, ndipo akazi anu adziŵe kumene lili. Amene satha kulemba apemphe Mwalimu wa pa mzikiti aŵathandize itatha tarawehe.

Phunziro la maŵa lidzakhala la Zakatul Fitr: muyeso wake, amene ayenera kupereka, ndi nthaŵi yake.